Mbale ya piyano ya 1961 yomwe akuidindanso lero, ndalama zonsezi munthu amalipira chani kwenikweni?

Kwa ambiri a ife kuno ku Mangochi mbale ya galamafoni ndi chinthu cha agogo, zija ankabwera nazo kuchokera ku Joni mu sutukesi limodzi ndi bulangete ndi chipewa, nde ukamuuza munthu kuti lero lino kuli mafakitale ku Germany ndi ku America omwe akudinda mbale zatsopano amaona ngati ukungocheza. Koma ndi zoona. Mu 2022 ku America mbale zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokereni 1987. Ndipo mkati mwa msika umenewu muli kagulu kena ka anthu okonda kumvetsera mawu abwino kwambiri, omwe sagula nyimbo zatsopano ayi, amafuna nyimbo zomwe zinajambulidwa zaka 60 zapitazo koma zodindidwanso mwatsopano mosamala, ndipo amalipira madola 40, 60, zina mpaka kupyola 100 pa chimbale chimodzi. Funso lomwe aliyense amafunsa ndi loti bwanji osangomvera pa YouTube, si nyimbo yomweyo? Funsoli ndi labwino ndipo ndikufuna ndiliyankhe bwinobwino pogwiritsa ntchito mbale imodzi yomwe ndimaikonda kwambiri, ya Byron Janis akuimba Piano Concerto No. 3 ya Rachmaninoff.

Tiyambe ndi nyimboyo kaye. Concerto ndi nyimbo yaitali yomwe munthu mmodzi amaimba chida chake, apa piyano, ndipo kumbuyo kwake kuli gulu lalikulu la anthu mwina 80 kapena kuposa, a mavayolini, zitoliro, malipenga, ng'oma, onse akutsatira dzanja la wotsogolera mmodzi. Mulibe woimba pakamwa. Nthawi zina piyano imatsogola gulu nkumayankha, nthawi zina amalimbana kuti amveke ndani, penanso gulu lonse limakhala chete nkumusiya wa piyano yekha. Kawirikawiri imakhala ndi zigawo zitatu. Ndipo piyano yomwe tikunena apa si kiyibodi ya magetsi ngati zomwe timaziona m'matchalitchi mwathu muno, iyi ndi chimphona cha matabwa ndi chitsulo, makiyi 88, mkati muli nsambo zopyola 200 zokungika mwamphamvu, ukadinikiza kiyi kanyundo kamamenya nsambo, basi, palibe sipika palibe waya wa magetsi. Mfundo ya kanyundoyi muisunge chifukwa ndi pomwe pagona vuto lonse la kujambula piyano.

Sergei Rachmaninoff anali wa ku Russia ndipo analemba concerto yachitatuyi mu 1909 pokonzekera ulendo wake woyamba wa ku America. Nthawi inamuchepera moti ankaiphunzira m'sitima ya pamadzi pa kiyibodi yosatulutsa mawu, zala zokha zikuyenda. Anakaiimba koyamba ku New York pa 28 November 1909 wotsogolera gulu ali Walter Damrosch, patapita masabata angapo nkuimbanso ndi Gustav Mahler. Anailemba mopereka ulemu kwa katswiri wina wa piyano Josef Hofmann, koma Hofmann sanaiimbepo pagulu mpaka kumwalira. Mpaka pano oimba piyano amaiopa nyimbo imeneyi, ndi ya mphindi pafupifupi 40 ndipo wa piyano sapuma kwenikweni. Chodabwitsa nchoti imayamba mofatsa zedi, kanyimbo kophweka, manja onse awiri akuimba mawu amodzimodzi, koti mwana wa kwaya atha kukang'ung'udza atangomva kamodzi. Kenako imakula, imakula, mpaka kumapeto piyano ndi gulu lonse akugunda limodzi ndi mphamvu zonse. Kusiyana kumeneku, pakati pa kunong'ona ndi kubangula, nkomwe kumasautsa ma injiniya.

Byron Janis anabadwa mu 1928 ku Pennsylvania ndipo ali mnyamata anaphunzitsidwa ndi Vladimir Horowitz, yemwe anali woyamba kujambula concerto imeneyi mu 1930 ndipo mwini wake Rachmaninoff ankamulemekeza kwambiri pa kaimbidwe kake. Nde mukuona mzere wake, kuchokera kwa wolemba, kwa Horowitz, kufika kwa Janis. Ali mwana Janis anadzicheka chala chaching'ono cha kumanzere pa galasi moti chinachita dzanzi moyo wake wonse, koma anaimbabe. Kuyambira 1973 nyamakazi inamugwira m'manja monse ndipo anabisa kwa zaka zoposa 10 akuimbabe ndi ululu, anadzaulula mu 1985. Anamwalira mu March 2024 ali ndi zaka 95. Ndikunena izi chifukwa ukamamvera mbale ya 1961 ukumva manja ake asanadwale, ali ndi zaka 33, liwiro lake ndi loopsa koma noti iliyonse ikumveka payokha, ndipo manja amenewo kulibenso, chomwe chatsala ndi chomwe chinagwidwa ndi maikolofoni masiku amenewo basi.

Anajambula mu June 1961 mu holo ya Watford Town Hall kufupi ndi London, gulu linali London Symphony Orchestra, wotsogolera Antal Dorati, kampani yake Mercury ya ku America pa mndandanda wawo wotchedwa Living Presence, nambala ya mbale SR 90283. Apa nde pomwe nkhani imakoma. Mercury inali kampani yaing'ono poyerekeza ndi RCA kapena Columbia, koma inali ndi banja lina, mayi Wilma Cozart Fine omwe ankayang'anira ntchito yonse ndi amuna awo C. Robert Fine omwe anali injiniya. Maganizo awo anali osavuta kunena koma ovuta kuchita. Masiku ano pojambula gulu lalikulu amaika maikolofoni ambirimbiri, wina pa mavayolini, wina pa ng'oma, angapo mkati mwa piyano, kenako nkukasakaniza pa kompyuta, apa akweze apa atsitse. A Fine ankapachika maikolofoni atatu okha, kumanzere, pakati, kumanja, m'mwamba kutsogolo kwa gulu lonse. Ankatha nthawi yaitali akusuntha pang'onopang'ono kufuna malo enieni pomwe holo ikumveka bwino, akawapeza amatchera mlingo wa mawu potengera pomwe nyimbo ikufuula kwambiri, kenako manja kumbuyo, osakhudzanso. Wokweza ndi kutsitsa mawu anali Dorati ndi Janis eni ake, osati munthu wa pa makina. Anayamba njira imeneyi mu 1951 ku Chicago ndi maikolofoni amodzi okha, nthawi ya mono, nkudzafika pa atatu stereo itabwera.

Mawu a maikolofoni atatuwo ankalowa pa tepi ya mizere itatu, aliyense mzere wake. Cha m'ma 1961 momwemo Mercury inayambanso kujambula nyimbo zina pa filimu ya 35mm, yofanana kukula ndi ya kanema koma yopakidwa mankhwala a maginito ngati tepi, chifukwa inali yotambalala komanso yokhuthala nde phokoso la "sssss" lija limachepa ndipo mawu sadutsira kuchoka pa mpukutu wina kupita pa unzake. Zida zonsezi zinali m'galimoto yawo yomwe ankaikweza m'sitima, ndipo mu 1962 anafika nayo mpaka ku Moscow kukajambula Janis yemweyu ndi wotsogolera Kirill Kondrashin, nthawi yomwe America ndi Soviet Union sankamwerana madzi, kampani yoyamba ya ku America kukajambula kumeneko ndi zida zakezake.

Tsopano chinthu chofunika kwambiri chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi. Pali tepi yoyambirira yomwe inazungulira mu holo muja masiku amenewo. Imeneyo ndi mwini nkhani. China chilichonse, kaya mbale ya 1962, kaya CD, kaya zomwe zili pa foni yanu, ndi mwana kapena mdzukulu wa tepi imeneyo. Amene munakula nthawi ya makaseti mukukumbuka momwe zinkakhalira, mnzako wagula kaseti ya orijino, iwe wakopera, wina wakopera kwa iwe, winanso kwa ameneyo, ikamafika kwa munthu wachinayi mawu afota, zoimba za pamwamba zasowa, kwatsala phokoso ndi besi yosamveka bwino. Makampani akuluakulu nawo ankachita zomwezo. Tepi yeniyeni ankaisunga, nkupanga kope, kope ija nkuitumiza ku mayiko ena, kumeneko nkukoperanso, nde mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi, chikuto chofanana, zimatha kumveka mosiyana kwambiri kutengera kuti inachokera pa tepi iti. Ndiye kampani yodindanso mbale ikamanena kuti yathu ndi yapamwamba, funso loyamba si kulemera kwa mbale ayi, funso ndi loti mwatenga tepi iti, ndipo pakati pa tepiyo ndi mbale yanga padutsa chani.

Ndipo matepiwa akukalamba. Ena akale amayamba kununkha ngati viniga ndi kukhwinyata, ena a m'ma 1970 amamata moti amayenera kuwawotha mu uvuni pa moto wochepa asanawaimbe. Nthawi iliyonse yomwe tepi yadutsa pa makina imaperesekako pang'ono. Mu 2008 moto unapsereza nyumba yosungira katundu ya Universal ku California ndipo matepi ambirimbiri a oimba otchuka anathera momwemo, nkhani yake inadzaululika bwino mu 2019. Nchifukwa chake eni matepi safuna kumangowatulutsa, ndipo kampani yomwe yaloledwa kugwira tepi yeniyeni imalipira ndalama zambiri, gawo lina la madola aja likupita kumeneko.

Tepi ikapezeka, pamabwera ntchito yozokota. Pali chimakina chachikulu, zambiri ndi za kampani ya Neumann ya ku Germany ndipo anasiya kuzipanga kalekale moti zomwe zilipo amangozikonza, chomwe chimazunguza mbale ya aluminiyamu yopakidwa utoto wofewa wotchedwa lacquer. Tepi ikuimba, kasingano kotentha kakunjenjemera motsatira mawu nkumazokota mzere umodzi wautali wozungulira kuchokera kunja mpaka mkati. Mzerewo uli ndi zipupa ziwiri, china chasunga mawu a kumanzere china a kumanja, ndi momwe stereo inalowera pa mbale cha m'ma 1958. Ntchitoyi imachitika kamodzinkamodzi osaima, mbali yonse ya mphindi 20, akalakwitsa pakati lacquer ija yatayika ayambirenso. Ku Mercury mayi Wilma ankakhala pompo nthawi yozokota, akusakaniza mizere itatu ija kukhala iwiri ndi dzanja lawo, pamene George Piros akuyendetsa makina. Nde amene akudindanso lero ayenera kusankha yekha kuti maikolofoni a pakati aja amveke bwanji, akakweza kwambiri piyano imakula kuposa gulu lonse, akatsitsa pakati pamakhala dzenje. Apa mpomwe ndimanena kuti mbale yodindidwanso si kope chabe, muli khutu la munthu wina mkatimo, ndipo dzina la wozokota ndi lofunika kuliona pa chikuto.

Wozokota amalimbananso ndi malo. Mawu a besi ndi mawu okwera amafuna mzere wogwedera kwambiri, mzere wogwedera umadya malo, malo akatha nyimbo isanathe nde basi. Pofuna kuthana ndi zimenezi anagwirizana mu 1954 muyezo wa RIAA, pozokota amachepetsa besi nkukweza mawu a pamwamba, pomvera makina anu amabwezeretsa. Ndi chifukwa chake galamafoni simungangoilumikiza pa ampu iliyonse, imafuna polowera polembedwa phono kapena kabokosi kapadera, kupanda apo mudzamva timawu tating'ono topanda besi nkumaganiza kuti mbale ndi yoipa.

Lacquer ikazokotedwa ndi yofewa, singadinde kanthu. Amaipopera siliva, nkuimiza m'madzi a mankhwala momwe magetsi amamatirira chitsulo cha nickel pamwamba pake, akachotsa amapeza mbale yachitsulo yomwe mizere yake yatukuka m'malo molowa. Imeneyo amaitcha bambo. Kuchokera kwa bambo amapanga mayi, kuchokera kwa mayi amapanga zidindo, ndipo chidindo nchomwe chimakanikiza phala lotentha la pulasitiki kukhala mbale. Chidindo chimatha, mbale zoyambirira zimatuluka zakuthwa kuposa zomalizira, nde mafakitale osamala amasintha chidindo msanga pomwe a changu amachikakamiza. Palinso njira ina yomwe amaitcha one-step, amadumpha bambo ndi mayi nkudinda ndi chitsulo choyamba chomwe, mawu amakhala pafupi ndi lacquer koma mbale zimatuluka zochepa nde mtengo umakwera, zija za madola opyola 100 zambiri ndi zimenezi. Mu February 2020 fakitale ya Apollo Masters ku California, yomwe inkapanga ma lacquer ambiri a dziko lonse, inapsa, kunatsala kampani imodzi ya ku Japan, mukuona momwe ntchito yonseyi ikuyendera pa kaulusi kopyapyala.

Za kulemera tsopano, chifukwa ndi zomwe amazilemba ndi zilembo zikuluzikulu pa sitika, 180g, ena 200g. Mbale wamba imalemera magalamu 120 mpaka 140. Anthu ambiri amaganiza kuti mbale yolemera ili ndi mizere yakuya nde mawu ambiri, si zoona zimenezo, kuya kwa mzere kunatsimikizika kale pozokota lacquer ndipo chidindo chomwecho chingadinde mbale yopepuka kapena yolemera mzere nkukhala umodzimodzi. Ubwino wa yolemera ndi woti imakhazikika bwino ndipo imagwirika bwino m'manja, basi. Chomwe chimathandiza zenizeni ndi pulasitiki yoyera yosasakaniza ndi zinyenyeswa za mbale zakale, komanso kuipatsa nthawi yokwanira kuti izizire mu makina. Ine zimandipweteka ndikaona kampani yatenga fayilo ya CD, yaizokota mwachangu, yadinda pa 180g nkumata sitika yonyezimira, chifukwa munthu amene wasunga ndalama miyezi ingapo akugula pulasitiki yolemera chabe. Zoterezi zilipo zambiri makamaka pa nyimbo zakale zomwe ku Ulaya umwini wake unatha, aliyense atha kuzidinda osaigwirapo tepi yeniyeni.

Za mbale zozungulira ka 45 pa mphindi zili ndi nzeru yake yeniyeni. Mbale ya LP yomwe Columbia inatulutsa mu 1948 imazungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi. Kunja kwa mbale singano imayenda pafupifupi masentimita 50 pa sekondi, koma ikamafika mkati bwalo lachepa nde imayenda pafupifupi 20 okha, kutanthauza kuti mawu omwewo apanikizidwe pa kamalo kochepa. Tsoka lake nyimbo ngati ya Rachmaninoff imafuula kwambiri kumapeto, pomwe singano ili mkati penipeni pomwe mbale ili yofooka, nde pa mbale yozokotedwa mosasamala mathero aja amamveka ngati akung'ambika. Makampani ena monga Analogue Productions a ku Salina, Kansas amathana nazo podinda nyimbo zina pa liwiro la 45, mbale ziwiri m'malo mwa imodzi, mzere umathamanga ndipo safika mkati kwambiri. Mawu amayera ndithu, koma mukhala mukudzuka mphindi 10 kapena 12 zilizonse kukatembenuza. Kwa ine pa concerto ndimakonda 33 yozokotedwa bwino, nyimbo imeneyi ili ndi ulendo wake ndipo kuidula kanayi kumandichotsa mkati mwake, koma ndikuwamvetsa amene amasankha 45. Mbale ya Janis iyi inadindidwanso pa 33 ndi Speakers Corner ya ku Germany, kampani yomwe imadziwika ndi kukana kulowetsa kompyuta pakati pa tepi ndi lacquer.

Nkhani ya kompyutayi inabweretsa mkangano waukulu mu 2022. Kampani ya Mobile Fidelity, yomwe anthu ankaikhulupirira kwambiri, zinadziwika kuti kwa zaka zambiri inkayamba yakopera tepi kupita pa digito ya mtundu wa DSD kenako nkuzokota kuchokera pamenepo, pomwe ogula ankaganiza kuti ndi tepi kupita pa mbale mwachindunji. Anthu anakwiya, nkhani inafika ku khoti, kampani inapepesa nkuyamba kulemba poyera njira yomwe mbale iliyonse yadutsa. Koma chomwe chinachititsa manyazi ambiri nchoti mbale zomwezo akatswiri a makutu ankaziyamikira zaka zonsezo osazindikira kanthu. Ine phunziro lomwe ndinatolapo si loti digito ndi yoipa kapena kuti tepi ilibe ntchito. Kope ya digito yopangidwa mosamala kuchokera pa tepi yeniyeni imaposa kutali mbale ya analogi yochokera pa tepi ya mdzukulu. Mayi Wilma eni akewo m'ma 1990 anabwerera pa ntchito nkukonza ma CD a Mercury kuchokera pa matepi enieni ndi makina akale omwe aja, ndipo ma CD amenewo ndi abwino zedi, amene alibe galamafoni asadzimve kuti watsalira. Cholakwa cha Mobile Fidelity chinali kusanena zoona kwa munthu amene akulipira.

Ndibwerere ku kanyundo kaja. Chifukwa chomwe okonda mbale amayesera zida zawo ndi piyano nchoti piyano sibisa kanthu. Kanyundo kakamenya nsambo mawu amatuluka mwadzidzidzi ndi mphamvu, kenako amazilala pang'onopang'ono osagwedera ngakhale pang'ono. Wa vayolini amagwedeza chala, woimba pakamwa amanjenjemeretsa mawu, nde liwiro la mbale likasokonekera pang'ono simungadziwe. Koma piyano noti yake ndi yowongoka, bowo la pakati pa mbale likangokhala pambali pang'ono, kapena lamba wa galamafoni akatamuka, mumva noti yaitali ikukwera nkutsika ngati ikulira, ndipo ukangozimva kamodzi sungathenso kusazimva. Kumenya kwa kanyundo kuja nako kumafuna singano itembenuke mwachangu kwambiri mu mzere, singano yotha kapena yosakhazikika bwino imalephera nkutulutsa kaphokoso kothetheka pa noti zamphamvu. Ndipo m'malo ofatsa, ngati poyambira paja, palibe ng'oma yobisa fumbi, kachitsotso kalikonse kamamveka "tha". Nde mbale ya piyano ikamveka bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza dziwani kuti aliyense pa mzere wonse uja, wa tepi, wozokota, wa nickel, wodinda, anagwira ntchito yake.

Ikakhala yabwino chimamveka nchani? Pa mbale ya Janis iyi piyano ili pakati, kutsogolo pang'ono, yowala, ena amati yowala mopyola chifukwa Mercury sinkafewetsa mawu, mavayolini ali kumanzere, zoimba za besi kumanja, zitoliro kumbuyo, ndipo gulu likasiya mwadzidzidzi mumamva holo ikubweza mawu kwa kanthawi. Kaphokoso ka tepi kaliko pansipansi, sanakachotse, ndipo bola choncho chifukwa pochotsa kaphokoso kaja ndi kompyuta nthawi zambiri amachotsera limodzi mpweya wa mu holo. Chomwe chimandigwira mtima ine ndi gawo lachitatu, pomwe Janis amathamanga ndipo Dorati samulekerera, amamutsatira phazi ndi phazi, umachita kumva kuti anthuwa ali m'chipinda chimodzi akuyang'anana, palibe anadzaika zake pambuyo pake pa mzere wina.

Koma tinene zoona za kwathu kuno, chifukwa Mangochi si Watford. Mdani woyamba wa mbale ndi kutentha, ndipo inu mukudziwa momwe October amakhalira kuno, nyumba ya malata masana, kaya muli ku Mpondasi kaya ku Makawa. Mbale ndi pulasitiki, ikatsamira mopendekeka kapena kusanjikizana mulu m'chipinda chotentha imapindika, ikakhala padzuwa kapena m'galimoto yotseka mawindo nde ola limodzi ndi lambiri, ndipo 180g siyipulumutsa. Muziimika chilili, zothinana pang'ono, pansi kufupi ndi simenti, khoma losawombedwa dzuwa. Wachiwiri ndi fumbi la chilimwe, lachitatu chinyontho cha dzinja makamaka kwa amene muli m'mbali mwa nyanja kapena mwa Shire, chimameretsa nkhungu m'chikuto mpaka mu mizere. Kaburashi kofewa musanaimbe nthawi zonse, kutsuka ndi madzi osungunula aja a m'mabatire osathira asidi, osati a pa mjigo chifukwa mchere wake umatsalira mu mzere, ndipo zala zisakhudze pomwe pali mizere.

Kenako magetsi. Kuno ndi 230V pa 50Hz pomwe ku America ndi 120V pa 60Hz, ndipo magalamafoni ambiri akale liwiro la mota yake limatsatira ma Hz amenewo. Mukagula ya ku America nkungoika thiransifoma yotsitsa mphamvu, iyaka bwinobwino koma izizungulira mochedwa, piyano yonse itsika mawu ndipo Janis azimveka ngati watopa. Za ku Joni ndi ku UK zilibe vuto limeneli chifukwa nawonso ndi 50Hz. Amene mumadalira jenereta kapena inveta yotchipa magetsi akathima, dziwani kuti ma Hz ake amasinthasintha, bola galamafoni ya mtundu wa direct drive yokhala ndi quartz yomwe imadzisungira liwiro yokha. Ndipo chonde mbale ya stereo musaiike pa galamafoni ya agogo yopukusa ndi dzanja ija, imeneyo ndi ya mbale za 78 ndipo singano yake yachitsulo ndi mkono wake wolemera zingalime mizere yonse ulendo umodzi wokha. Ngakhale timagalamafoni totchipa tokhala ngati kasutukesi tija sindingakulimbikitseni, singano yake imakanikiza kwambiri, kuika mbale ya madola 50 pamenepo ndi kuiwononga. Ngati ndalama ndi zochepa yambani ndi galamafoni yabwino yakale ndi singano yatsopano, mbale yodula ibwere pambuyo.

Ambiri kuno tili ndi achibale ku Joni kapena ku Cape Town komwe masitolo a mbale alipo, zatsopano ndi zakale zomwe, nde njira yapafupi ndi kuwatuma. Mukawatuma muwauze bwinobwino, chifukwa Janis anajambula concerto yomweyi kawiri, koyamba mu 1957 ku Boston ndi Charles Munch pa RCA, kachiwiri iyi ya 1961 ndi Dorati pa Mercury, zonse ndi zabwino koma ya maikolofoni atatu a banja la Fine ndi yachiwiriyi, SR 90283. Ajambule kumbuyo kwa chikuto akutumizireni pa WhatsApp musanatumize ndalama, muone dzina la kampani yomwe yadindanso, muone ngati alemba kuti yachokera pa matepi enieni komanso amene anazokota, ngati palibe chilichonse mwa zimenezi koma sitika ya 180g yokha, isiyeni. Ikakhala yakale aitulutse aiyang'ane pa kuwala, aike pa tebulo aone ngati yagona fulati. Ndipo pobwera nayo isakwere mu ngolo ya kumbuyo kwa basi limodzi ndi mafiriji ndi matumba, komwe ikakhale padzuwa maola onse aja a pa boda ya Mwanza kapena Dedza, aiike pakati pa makatoni awiri olimba mu chikwama cha m'manja, ikhale nawo pa mpando mpaka atsike pa depoti.